Akuti khansa yatsalira m'mphepete: andidulenso pang'ono kapena achotse bere lonse?

Funso: Adokotala, ndine mphunzitsi wa zaka 46, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Masabata anayi apitawo anandichotsa chotupa kubere lakumanzere. Zotsatira zabwera, akuti ndi khansa, kukula kwake masentimita 2.5, ndipo mbali imodzi ya mnofu umene anachotsawo khansayo inafika mpaka m'mphepete. Andipatsa njira ziwiri: andidulenso pang'ono pamalo omwewo kenako ndikawotchedwe ndi makina ku Lilongwe, kapena achotse bere lonse. Bambo akunyumba akuti berelo lisachoke. Achemwali anga akuti lichoke basi, tithane nazo. Ine tulo sindikutiona. Kodi opaleshoni yoyambayo inalakwika? Nanga ndisankhe iti kuti ndilere ana anga?

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawa. Ndiyamba ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo. Pa chotupa cha msinkhu mwatchulawu, njira ziwirizi zimapereka mwayi wofanana wokhala ndi moyo, bola iliyonse itsatidwe mpaka kumapeto. Musaiwale mawu akuti "mpaka kumapeto", pakuti kwa ife a kumpoto kuno nkhani yonse yagona pamenepo.

Zoti mwayiwo ndi wofanana sikuti ndikungokutonthozani mtima. Kale madokotala ankakhulupirira kuti ukadula kwambiri ndiye kuti wachiza kwambiri, moti ankachotsa bere pamodzi ndi minofu ya pachifuwa. Madokotala awiri anayesa chikhulupiriro chimenechi: Bernard Fisher ku America ndi Umberto Veronesi ku Milan, m'dziko la Italy. Fisher ndi anzake anatsatira amayi 1,851 omwe zotupa zawo sizinapitirire masentimita 4. Ena anawachotsa bere lonse, ena chotupa chokha, enanso chotupa kenako n'kuwawotcha ndi makina. Veronesi anatsatira amayi 701 a zotupa zosapitirira masentimita 2. Mu 2002 onse awiri anatulutsa zimene anapeza patatha zaka 20, ndipo zinagwirizana: amayi omwe anasunga bere sanamwalire msanga kuposa omwe anachotsedwa. Chifukwa chake n'chakuti khansa ya m'mawere ikamatenga moyo wa munthu, imakhala kuti yapita ku mafupa, ku mapapo, ku chiwindi kapena ku ubongo. Timaselo tikapita kumeneko, mpeni sungatipeze, kaya wadula pang'ono kaya wadula lonse. Timeneto timafuna mankhwala.

Tsono za opaleshoni yoyambayo. Ganizirani mbatata yomwe yawola mbali imodzi. Mumasema pamene pawolapo mpaka mutaona poyera, ndipo maso anu amakuuzani poimira. Dokotala nayenso amachotsa chotupa pamodzi ndi mnofu wabwino wozungulira, koma iye maso ndi zala sizimuuza zonse. Khansa ili ndi timizu tosaoneka komanso tosagwirika. N'chifukwa chake mnofuwo umapita ku labotale, kumene amaupaka inki kunja konse, n'kuudula tizidutswa topyapyala, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Ngati pakati pa khansa ndi inkiyo pali mnofu wabwino, timati m'mphepete muli bwino. Ngati khansa yakhudza inki, timadziwa kuti mpeni unadutsa pa khansayo ndipo mwina ina inatsalira m'bere. Pa pepala lanu mwina mwaona mawu akuti positive margin kapena involved margin, akunena zimenezi.

Izi zimachitika ngakhale m'manja mwa akadaulo. Ku England, kumene zipangizo zili zokwanira, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse omwe anachotsedwa chotupa chokha anabwereranso ku fiyeta. Kuno kwathu palinso china: nthawi zambiri chotupa chimachotsedwa tisanadziwe kuti ndi khansa, cholinga chili choti tikachiyeze, ndiye dokotala sadula motambasula. Choncho musamuone ngati wolakwa amene anakuchitani opaleshoni. Chinthu chimene ndikanadandaula nacho ndi choti mnofuwo ukanakhala kuti sunapite ku labotale. Wanu unapita, ndipo tikudziwa pamene tili.

Ndikudziwanso zimene anthu amanena m'makwalalamu, zoti khansa ukaikhudza ndi mpeni imadzuka n'kufalikira, ndiye kuidula kawiri n'kudziputira imfa. Sizoona. Mphekeserayi inabwera chifukwa amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atapita kale patali, amachitidwa opaleshoni, kenako n'kumwalira ndi khansa imene inali itafalikira kale, ndipo achibale amaloza mpeni. Choopsa chenicheni ndi kusiya m'mphepetemo chonchi osachitapo kanthu. Khansa ikakhudza inki, mwayi woti ibwererenso m'bere lomwelo umakwera pafupifupi kawiri, ndipo kuwotcha kapena mankhwala sizifafaniza kusiyanako. Ndiye njira yachitatu, yongokhala n'kumaona, palibe.

Musanasankhe, pemphani kuti adokotala akuwerengereni pepala la ku labotale mzere ndi mzere, ndipo mutenge kope lanu mumate m'kabuku kanu ka kuchipatala. Mwanena kuti ndi mbali imodzi yokha, ndipo zimenezo n'zolimbikitsa. Koma funsani ngati khansayo yangokhudza inki pakamalo kakang'ono kapena yayala mtunda wautali. Kamalo kakang'ono mbali imodzi kamatheka kukonza pobwerera pachilonda chomwecho n'kusema kagawo kena ka mnofu. Ikakhala mbali ziwiri kapena zitatu, kapena yayala, nthawi zambiri imakhala kuti yatsala yambiri, ndipo kusemanso kumangokhala kuchedwetsa opaleshoni yaikulu.

Funsaninso ngati papepalapo pali zilembo zakuti DCIS. Imeneyi ndi khansa imene idakali m'kati mwa timisempha ta mkaka, ndipo imakonda kuyenda m'timisemphamo kutali ndi chotupa, osapanga chibulumwa chomveka m'manja. Ikakhala yambiri kuzungulira chotupa, kupeza malire oyera kumavuta. Malangizo amene madokotala ambiri amatsatira, omwe anatuluka ku America mu 2014, amati pa khansa yolowerera m'minofu n'zokwanira kuti isakhudze inki basi. A mu 2016 amati pa DCIS yokhayokha pakhale mpata wa mamilimita awiri. Ndatchula izi kuti wina asakuopsezeni kuti pakufunika kudula chigawo chachikulu kuti mukhale otetezeka.

Ngati simunajambulidwe mawere onse awiri ndi makina a mammogram, kapena kuunikidwa ndi sikani, zimenezi zichitike musanalowenso ku fiyeta. Kukapezeka chotupa china mbali ina ya bere lomwelo, kusunga berelo kumakhala kovuta. Chimodzimodzi ngati bere lanu ndi laling'ono: mwachotsedwa kale masentimita 2.5 ndi mnofu wozungulira, ndipo kusemanso kungasiye bere lopindika, lolowa m'kati, limene simungakondwere nalo. Funsani adokotala mosabisa kuti lidzaoneka bwanji. Auzeninso ngati amayi anu, achemwali anu kapena azakhali anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya m'mabasiketi a mazira adakali aang'ono, chifukwa khansa yoyenda m'magazi a pamtundu imasintha kaganizidwe. Ndipo pa zaka 46 ndifunsabe: ngati pali mwayi woti muli ndi pakati, nenani, pakuti mayi woyembekezera sawotchedwa ndi makina.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaonetsetsa kuti mayi aliyense wachimva asanasaine pepala. Kudulanso sikutsimikizira kuti m'mphepete mudzayera. Ambiri zimatheka, koma ena zotsatira zimabweranso ndi khansa pa inki, ndipo pamenepo nthawi zambiri timachotsa bere lonse. Ndi maopaleshoni atatu amenewo, ndi kudikira zotsatira kawiri konse. Amayi ena amati ndiyesa, berelo ndi langa. Ena amati mtima wanga sungapirirenso kudikira kwina. Onse awiri akulankhula zanzeru.

Tsopano nkhani ya kuwotcha, imene m'chipatala timati radiotherapy. Amene walira mvula walira matope: kusunga bere kumabwera ndi kuwotcha, sizisiyana. Mu kafukufuku wa Fisher uja, amayi omwe anachotsedwa chotupa chokha osawotchedwa, 39 mwa 100 alionse khansa inabwerera m'bere lomwelo. Omwe anawotchedwa anali 14 mwa 100. Mu 2011 akatswiri anaphatikiza zotsatira za amayi oposa 10,000 n'kupeza kuti kuwotcha kumachepetsa kubwerera kwa khansa pafupifupi ndi theka, komanso kumachepetsa imfa. Kunena mwatchutchutchu, kuchotsa chotupa chokha popanda kuwotcha ndi theka la chithandizo, ndipo pa msinkhu wanu sindingakuvomerezeni.

Dzina lakuti kuwotcha limaopsa kuposa chinthucho. Palibe moto. Mumagona pabedi, mkono uli m'mwamba, makina n'kumazungulira kwa mphindi zochepa, ndipo simumva kuwawa pa nthawiyo. Pakapita masiku khungu limada kapena kuyabwa, nthawi zina kusupuka pansi pa bere, ndipo thupi limatopa. Tsitsi silithothoka chifukwa cha kuwotcha bere, ndipo simukhala choopsa kwa ana mukabwerera kunyumba. Chovuta ndi chakuti chimachitika tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndondomeko yofala ndi maulendo 15 m'masabata atatu, ina ndi maulendo 25 m'masabata asanu, ndipo ilipo ina yaifupi ya maulendo asanu imene imayenera odwala ena. Musanayambe pamakhala ulendo wina wokajambulidwa kuti akonze poloza makinawo.

Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna chithandizochi ankachita kutumizidwa kunja, ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India, ndipo ambiri ankadikira mpaka nthawi kutha. N'chifukwa chake madokotala a kuno tinazolowera kuchotsa bere lonse, ndipo kunali kuganiza bwino. Lero makinawa alipo ku National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komanso pachipatala china cholipira ku Blantyre. Ku Mzuzu kuno kulibe. Ndiye kwa inu kusunga bere kukutanthauza makilomita opitirira 350 pamsewu wa M1, kudutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, n'kukakhala kumeneko pafupifupi mwezi. Mukagona kuti? Gadiyani wanu ndi ndani? Ana atsala ndi yani? Kusukulu akupatsani tchuthi? Ndalama ya thiransipoti ndi chakudya ilipo, osati yolonjezedwa ndi m'bale wa ku Joni, koma ilipo? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndimakumbukira mayi wina wogulitsa mpunga wa kilombero, wochokera kunyanja. Tinamudulanso, m'mphepete munayera, chilonda chinapola bwino moti ankachita kundionetsa mosangalala kuti kamisolo ikukwanabe. Kalata yopita nayo kowotcha anaipinda bwino m'kabuku kake. Kenako kunagwa maliro, kenako fizi ya mwana, kenako nyengo yokolola. Anabwera patatha zaka ziwiri ndi kachotupa kolimba ngati nsawawa pachipsera pomwe, kalata ija ili m'kabukumo, itachita kufiira m'mapindiro. Tinachotsa bere lonse. Sindimuweruza mayi ameneyu ngakhale pang'ono. Ndimadzifunsa ndekha chifukwa chimene sindinakhale naye pansi tsiku loyamba n'kuwerengera naye ndalama za ulendowo. Kuchokera pamenepo, mayi aliyense ndimamufunsa mafunso ndakufunsaniwa.

Choncho pemphani adokotala anu alankhule ndi a ku Lilongwe musanasankhe, kuti mudziwe ngati malo alipo komanso mudzayamba liti. Ngati simulandira kemo, mankhwala amphamvu opha timaselo ta khansa m'thupi lonse, kuwotcha kumafunika kuyamba pakangotha masabata ochepa chilonda chitapola, osati pakatha theka la chaka. Ngati mulandira kemo, imayamba ndi kemoyo, kuwotcha n'kubwera pambuyo.

Kwa achemwali anu amene akuti lichoke tithane nazo, ndili ndi mawu awiri. Akunena zoona kuti kuchotsa bere lonse kumachepetsa mwayi woti khansa ibwerere pamalopo. Mu kafukufuku wa ku Milan, inabwerera mwa amayi pafupifupi 2 mwa 100 omwe anachotsedwa bere, poyerekeza ndi pafupifupi 9 mwa 100 omwe analisunga. Koma "tithane nazo" si zoona kwenikweni. Khansa imatha kubwerera pakhungu la pachifuwa ngakhale bere kulibe. Mankhwala amene mukufunika sasintha: ngati kemo ikufunika, ikufunika kaya bere lilipo kaya lachoka. Ngati khansa yanu ndi imene imakula ndi mahomoni, imene papepala amalemba ER positive, mudzamwa tamoxifen kapena mankhwala ofanana nawo kwa zaka zisanu kapena kupitirira, njira iliyonse imene mwasankha. Ndipo amayi ena amawotchedwabe bere litachoka, makamaka ngati chotupa chinaposa masentimita 5 kapena khansa yapezeka m'timwanabele tinayi kapena kuposerapo ta m'khwapa.

Zimenezi zikundifikitsa pa chinthu chimene simunachitchule m'kalata yanu, m'khwapa. Khansa ya m'mawere ikamatuluka m'bere imayamba kuima m'timwanabele ta m'khwapa. Ngati pa opaleshoni yoyamba sanakhudzeko, ndiye kuti pa yachiwiriyi ayenera kuchotsako tina n'kukatiyeza, kaya akusema pang'ono kaya akuchotsa lonse. Zotsatira za m'khwapa zimanena zambiri za tsogolo la matendawa kuposa kukula kwa chilonda cha pabere. Dziwaninso kuti kutupa kwa mkono kumene amayi ena amakhala nako kumachokera ku opaleshoni ya m'khwapayi ndi kuwotcha m'khwapa, osati kuchotsa bere. Adokotala akakugwirani m'khwapa n'kumva timwanabele totupa, mwina mudzafunika kuwotchedwa mulimonsemo, ndipo pamenepo kuchotsa bere pofuna kupewa ulendo wa ku Lilongwe sikungakupulumutseni ku ulendowo. Funsani zimenezi.

Kuchotsa bere palokha si opaleshoni yoopsa monga ambiri amaganizira. Mumadzuka ndi bandeji pachifuwa ndi kapaipi kotulutsa madzi kamene kamachoka pakapita masiku. Nthawi zina madzi amadzadzanso pansi pa khungu n'kufunika kupopedwa ndi jakisoni. Chimatsala ndi chipsera chopingasa, pachifuwa pali see, ndipo khungu la pamenepo ndi m'kati mwa mkono limachita dzanzi, mwina mpaka kale. Phewa limauma ngati simulichititsa masewera, ndiye anamwino akakuuzani kuti muziyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, muzichita tsiku lililonse. Opaleshoni youmbanso bere ilipo padziko, koma kuno siipezeka wamba, choncho musaiwerengere posankha. Amayi ambiri amaika chovalira m'kamisolo. Wina, telala wa ku Luwinga, anasoka chake ndi nsalu yofewa n'kuikamo thonje, ndipo anandiuza kuti kutchalitchi palibe anadziwa kufikira iye mwini atanena. Koma anandiuzanso kuti panatenga miyezi asanayang'ane pagalasi ali wosavala. Bere linayamwitsa ana si mnofu wamba, ndipo kulirira si kupusa.

Kwa bambo akunyumba, ndikupempha kuti mubwere nawo kuchipatala. Abambo ambiri amene amakana kuti bere lichoke samakhala ouma mtima. Amakhala ndi mantha, ena anamva kuti wochotsedwa bere sachedwa kufa, ena akuopa za kuchipinda koma sangathe kunena. Akamva okha kuchokera kwa dokotala kuti khansa siipatsirana, kuti banja limapitirira, ndiponso kuti kusunga bere kukutanthauza iwowo kutsala ndi ana mwezi wathunthu n'kupeza ndalama ya ulendo, ambiri amayamba kuthandiza m'malo molamula. Mverani maganizo awo, mverani a achemwali anu, koma wosaina pepala ndi inu, ndipo amene adzakhale m'thupimo zaka zonse zikubwerazi ndi inu.

Mwandifunsa kuti musankhe iti, ndiye sindizemba. Mukanakhala mlongo wanga, ndi chotupa cha masentimita 2.5, mbali imodzi yokha, ndikanakuuzani chonchi. Ngati pepala likuti khansa yangokhudza pakamalo kochepa, palibe DCIS yambiri, zojambula sizikuonetsa chotupa china, bere ndi lokwanira, ndipo tsiku lowotcha latsimikizika ndi kokagona komwe, dulitsaninso pang'ono ndi mtima wodekha. Simukuika moyo wanu pachiswe pofuna kuoneka bwino, ndipo wina asakuchititseni manyazi. Koma ngati chimodzi mwa zimenezi chikugwedera, makamaka za kuwotcha, chotsetsani bere lonse, ndipo musadzione ngati mwagonja. Ndaona amayi ambiri akuvulala ndi chithandizo chosamalizidwa kuposa ndi chipsera cha pachifuwa.

Chimene sindikufuna ndi choti mwezi uno uthe mukadali pakati pa bambo ndi achemwali. Masiku angapo oganiza saononga kanthu, koma masabata akachuluka amachedwetsa kemo ndi zina zonse zimene zikudikira opaleshoniyi. Musapite kokayamba mankhwala azitsamba kuti muone ngati zisintha; pempherani ndithu, koma tsiku la ku fiyeta lisasunthe. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, pitirizani ndipo awuzeni adokotala, pakuti sizikulepheretsani njira iliyonse mwa ziwirizi. Sabata ino bwererani kuchipatala ndi bambowo, kabuku kanu ndi cholembera. Mafunso anu muwalembe kunyumba usiku, monga mmene mumakonzera phunziro la mawa, ndipo musatuluke m'chipindamo musanapatsidwe tsiku la opaleshoni.